THIRAKITA YAKALE IKAUKA, MAFUTA ASATAIKE PANSI

Mwezi wa October ukafika, pamene dzuwa liswa mtengo ndipo alimi ayamba kuyang'ana kumene kucokera mitambo, amakanika a m'makomboni a Lusaka amakhala pa kalikiliki. Pakati pa maminibasi ndi magalimoto akufa amene amadzaza mabwalo ao ku Chipata, Matero, Kanyama ndi Chawama, nthawi zina pamaoneka thirakita yofiira kapena yotuwa imene inapangidwa mwini wake asanabadwe. Chipata wochulidwa pano ndi komboni ya kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, kufupi ndi mseu wa Great North. Komabe thirakita yokonzedwa kumeneko ikhoza kukhala pa ulendo wa ku Chipata winayo, wa kum'mawa, kumene munda wa makolo ukuiyembekeza.

Kuutsa thirakita imene inagona zaka zambiri pansi pa mtengo ndi nchito ya miyezi. Abale amasonkha ndalama, injini imamasulidwa, matayala amafunidwa, ndipo potsiriza penti yatsopano imapakidwa kufikira citsulo cinyezimira. Nchito yotsala imaoneka yaing'ono: kuthira mafuta m'mimba ya kumbuyo, mmene muli magiya ndi pampu yonyamula pulao. Mafuta amenewa si dizilo woyendetsa injini, koma aja okhuthala amene amakanika amachula kuti oilo. Popeza nchitoyi ioneka yaing'ono, ambiri amaisiyira mnyamata wopereka masipanala, dzuwa litapendeka, lole yonyamula thirakita ili kale pakhomo. Apa ndi pamene makina okonzedwa bwino amatengera matenda amene adzawagwetsa pakati pa munda. Akulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mafuta otaika pansi ndi fumbi lolowa m'kati zimabadwa kwa mai mmodzi, ndiye phuma. Fumbilo amalipira ndi mlimi pa nthawi yobzala, ndipo mafuta otaikawo amalipira ndi anansi amene amatunga madzi pa citsime capafupi.

MMENE MATHIRAKITAWA ANAFIKIRA KUMIDZI

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, Boma linaika mtima pa kutukula ulimi wa kumidzi. Mu January 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu mu Ndola, Dr Kenneth Kaunda anapempha anthu kuti apange makopaletivu, ndipo m'zaka zotsatira magulu ambiri a alimi analandira ngongole ndi mathirakita. Boma linaikanso mathirakita ake m'maboma kuti azilimira anthu pa malipiro.

Cimwemweco sicinakhalitse. Oyendetsa ndi amakanika ophunzira anali ocepa, ndipo mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zogulira zipangizo zinasowa. Thirakita yosowa kacitsulo kamodzi inkagona caka cathunthu, ndipo ina inkaphwasulidwa kuti ipatse moyo inzake. M'zaka za m'ma 1980 alangizi a zaulimi analimbikitsanso kulima ndi ng'ombe. Koma m'cigawo ca kum'mawa matenda a cigodola akhala akupha ng'ombe kwa zaka zambiri, ndipo banja limene khola lake latha limadikira pamzere kuti wina alilimire. Thirakita yatsopano mtengo wake ngwosafikirika kwa mlimi wamba. Pa cifukwa cimeneci citsulo cakale cimene ana ankaseweretsa kuseri kwa nkhokwe casanduka cuma.

NZERU YA HARRY FERGUSON

Ambiri a mathirakita akale amene amaukitsidwa ndi a mtundu wa Massey Ferguson. Dzinali licokera kwa Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa kumpoto kwa Ireland, amene anabadwa mu 1884 ndi kumwalira mu 1960. M'masiku ake pulao inkakokedwa kumbuyo monga ngolo, ndipo ikakodwa pa citsa kapena pa mwala, thirakita inkatukula mutu ndi kugwa cagada, kuphwanya woyendetsa. Ferguson anapeza njira yolumikizira pulao pa mfundo zitatu, mikono iwiri pansi ndi umodzi pamwamba, ndi kuinyamula ndi mphamvu ya mafuta.

Mu 1938 iye anagwirana canza ndi Henry Ford wa ku America, ndipo caka cotsatira thirakita ya Ford 9N inatuluka ndi nzeru imeneyi. Kucokera mu 1946 kufikira mu 1956, fakitale ya ku Coventry m'dziko la England inapanga mathirakita otuwa a TE20 oposa 500,000. Atatu a iwo anayenda pa madzi oundana ndi Sir Edmund Hillary kufikira ku South Pole mu January 1958. Kampani ya Ferguson itagwirizana ndi ya Massey-Harris mu 1953, kunabwera MF 35, ndipo kuyambira mu 1964 kunabwera MF 135 yokhala ndi injini ya Perkins ya masilinda atatu, imene alimi ambiri amaidziwa ndi kalilidwe kake.

Kagwiridwe ka nchito ka haidiroliki nkosavuta kumva. Mafuta safinyika monga mpweya. Katswiri wa ku France, Blaise Pascal, anaonetsa m'zaka za m'ma 1600 kuti madzi otsekeredwa akakankhidwa mbali imodzi amapereka mphamvuyo ku mbali zonse. M'mimba ya thirakita, pansi penipeni, muli pampu ya timapisitoni tinai yomira m'mafuta. Pampuyo imakankha mafuta kukwera m'paipi kufikira m'silinda imene ili pansi pa mpando wa woyendetsa, ndipo pisitoni yaikulu ya m'silindayo ndiyo imatukula mikono. Woyendetsa akasuntha cogwirira ca ku dzanja lamanja, amatsegula kapena kutseka valavu yaing'ono imene imalamulira mafutawo.

Valavu imeneyi inasulidwa mothina kwambiri, kotero kuti mpata wake ngwocepa kuposa tsitsi la munthu. Kamcenga kamodzi kakalowa, valavu imakandika kapena kukakamira, ndipo pulao imayamba kunjenjemera, kutsika yokha, kapena kukana kukwera. Ferguson TE20 ilibe sefa yogwira zinyalala m'mafuta amenewa, ndipo MF 135 ili ndi kasefa ka waya cabe pakamwa pa pampu. Cotero sefa yeniyeni ya makina amenewa ndi manja a munthu wothira.

MPHIKA UMODZI, NCHITO ZITATU

Cinthu cina cimene mwini thirakita ayenera kudziwa n'cakuti pa TE20, MF 35 ndi MF 135, giyabokosi, ekiselo ya kumbuyo ndi pampu zimamwera m'mphika umodzi. Mafuta omwe atsuka mano a magiya ndi omwenso anyamula pulao. Coipa ciliconse cothiridwa pamwamba cimafika ku ziwalo zonse zitatu.

Mphikawo si waung'ono. TE20 imalandira malita pafupifupi 23, ndipo MF 35 ndi MF 135 zimalandira malita pafupifupi 30. Ndalama zogulira mafuta oculuka cotero ndi za matumba angapo a cimanga, ndipo lita iliyonse yotaika ndi thukuta la kumunda.

Si mathirakita onse amene anapangidwa motero. Pa Fordson Major ndi Ford 3000, mwacitsanzo, giyabokosi ili ndi mafuta ake paokha ndi pothirira pake. Munthu amene sadziwa bwino thirakita yake afunefune buku lake kapena afunse makanika wodziwa mtunduwo asanatsegule cigubu. Safunsa anadya phula.

KUKHETSA MAFUTA AKALE

Nchito iyambe ndi kusankha malo ndi nthawi. Thirakita iime pamalo osapendekeka, pa simenti ngati ilipo, kumene mphepo siomba. M'mawa ndiyo nthawi yabwino, pakuti masana a October amabwera ndi kamvulumvulu wonyamula fumbi la komboni yonse. Ngati bwalo ndi la dothi, liwazidwe madzi. Pamwamba pa giyabokosi, kuzungulira citsekero cothirira mafuta cimene cili pafupi ndi ndodo za magiya, patsukidwe ndi parafini ndi burashi citsekeroco cisanamasulidwe.

Ngati thirakita ikuyenda, ithamangitsidwe pang'ono kuti mafuta atenthe, popeza otentha amatuluka msanga pamodzi ndi zinyalala zao. Mikono ya kumbuyo itsitsidwe kufikira pansi kuti mafuta a m'silinda abwerere m'mphika.

Colakwa cofala ndi kuchera ndowa ya malita 20 pansi pa thirakita ya malita 30. Citsekero cikangocoka, mafuta amatuluka ndi mphamvu, ndowa imadzaza munthu akali cigonere, ndipo otsalawo amayenderera pabwalo. Cofunika ndi mgolo wodulidwa pakati, wokhoza kulandira onse nthawi imodzi, ndipo pansi pake payalidwe lata lakale kuti ligwire madontho. TE20 ili ndi zitsekero zitatu zokhetsera, pamene MF 35 ndi MF 135 zili ndi ziwiri. Zonse zimasulidwe, cifukwa cipinda ciliconse cimasunga mafuta ake a pansi.

Mafuta otulukawo ali ndi uthenga. Akaoneka ngati tiyi wothira mkaka, ndiye kuti munalowa madzi. Kawirikawiri madziwo amalowera pa timphira tong'ambika tophimba tsinde la ndodo za magiya, pamene thirakita igona pamvula, ndiponso cinyezi ca usiku cimasanduka madontho m'kati mwa citsulo. Timphirato ntochipa, ndipo tisinthidwe mafuta atsopano asanalowe. Pa zitsekero zokhala ndi maginito pamapezeka fumbi lofewa la citsulo, limene ndi cizindikiro ca ukalamba cabe. Koma pakapezeka tizibenthu tolasa cala, ndiye kuti giya ina ikusweka, ndipo kuthira mafuta atsopano cisanakonzedwe n'kutaya ndalama.

Thirakita imene inagona zaka zambiri imakhala ndi matope akuda pansi pa mimba yake. Makanika wosamala amatsegula zivundikiro zozungulira za m'mbali, kukokolola matopewo, kutsuka kasefa ngati kalipo, ndi kusiya makinawo adonthe usiku wonse atafunditsidwa. Popukuta m'kati agwiritse nchito nsalu yoyera yosathothoka ulusi. Cisanza ca bulangeti cimasiya ubweya umene umatseka kasefa. Potsiriza zitsekero zonse zibwezeredwe ndi kumangidwa, ndipo ziwerengedwe kawiri, pakuti citsekero cimodzi coiwalika cimakhetsera pansi mafuta onse atsopano.

MAFUTA OYENERA

Mafuta agulidwe m'zigubu zomata, kwa ogulitsa odziwika. Ogulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa mseu palibe angadziwe cimene cili m'kati mwake. Mafuta akuda okhetsedwa m'injini asalowe m'giyabokosi ngakhale atasefedwa pa nsalu, cifukwa ali ndi mwaye ndi fumbi la citsulo losaoneka ndi maso.

Ena amanyengeka ndi dzina, nagula mafuta opyapyala a haidiroliki amene amathiridwa m'malole otsitsa mcenga. Amenewo amanyamula bwino, koma sanapangidwire kuteteza mano a magiya, ndipo m'mphika wa Ferguson muli magiya. Ena amagula okhuthala kwambiri olembedwa EP kapena GL-5, amene amakanika odziwa makina akale amawakana cifukwa mankhwala ake akhoza kudya tizitsulo ta mkuwa ta m'kati. Ferguson wakale anapangidwira mafuta wamba opanda mankhwala otero, ndipo lero ambiri amathira mafuta a thirakita ogwira nchito zonse, monga olembedwa 15W-30. Cimene buku la thirakita linena ndico citsatiridwe, ndipo mitundu iwiri isasakanizidwe.

ZIFUKWA ZITATU ZIMENE MAFUTA AMATAIKIRA

Pothirira mafuta pa mathirakitawa ndi pamalo opanikiza. Kabowo kali pansi pa ciongolero, pakati pa miyendo ya woyendetsa, ndipo ndodo za magiya zaimirira pambali pake. Mafuta amataika pamenepo pa zifukwa zitatu, ndipo ciliconse cili ndi mankhwala ake.

Coyamba ndi kulemera kwa cigubu. Munthu wonyamula malita 20 m'mwamba, atawerama pansi pa ciongolero, sangathe kulunjika pa kabowo kocepa kuposa cikhato. Ndiponso cigubu cikapendekeka kamwa lili pansi, mpweya umalimbana ndi mafuta polowa, ndipo mafuta amatuluka molavula. Cigubu cikhale pansi kapena pa benci, cigonekedwe kamwa lili kumwamba kuti mpweya ulowe bwino, ndipo mafuta atsanulidwe m'jagi yoyera ya malita 5. Jagiyo ndiyo ipite ku thirakita. Amene ali ndi kapampu ka pamanja akhoza kukoka mafuta m'cigubu kupyolera m'paipi osanyamula kanthu. Njira ina ndiyo kuika cigubu cokhala ndi kampopi pamalo okwera kuposa giyabokosi ndi kulola mafuta atsike okha m'paipi. Kukoka mafuta ndi pakamwa n'koopsa ku mapapu ndipo kusacitike.

Fanelo ikhale ya khosi lalitali, kapena ilumikizidwe ku paipi yoonekera m'kati yotalika ngati mkono, kuti kamwa lake lituluke kunja kwa ciongolero kumene dzanja lifika bwino. Amisiri a malata a ku Kalingalinga ndi a m'misika ya kumidzi akhoza kupanga fanelo yotero ndi kuikamo kasefa ka waya. Pakasowa, cigubu coyera ca malita 5 codulidwa kunsi cimagwira nchito yomweyo. Fanelo imangiriridwe ku ciongolero ndi waya kuti manja onse awiri agwire jagi. Fanelo, paipi ndi jagi zikhale za nchito imeneyi yokha, zisakhudze dizilo kapena madzi, ndipo zisungidwe m'thumba la pulasitiki lomanga.

Caciwiri ndi mpweya wa m'kati. Malita 30 akamalowa, mpweya wa malita 30 uyenera kutuluka. Paipi ikathina m'kabowo, mpweya umasowa njira, umabwerera m'fanelo ndi kugeya mafuta pa mapazi a wothira. Paipi ikhale yocepa kuposa kabowo kuti pambali patsale mpata, ndipo kandodo koyezera mafuta kazulidwe pang'ono kuti mpweya upeze khomo lina. Kuzungulira kabowo kukulungidwe nsalu yoyera yogwira madontho.

Cacitatu ndico cimanyenga ambiri. Mafuta amalowera m'giyabokosi, koma ambiri a iwo ayenera kuyenda kupita m'zipinda za kumbuyo kupyolera m'timipata tating'ono. Mafuta ozizira ndi aulesi ngati uci. Wothira mofulumira amadzaza giyabokosi kufikira kusefukira, pamene kandodo koyezera, kamene kali pa civundikiro cozungulira ca kumanja, kakali kouma. Poona kandodo kouma amaonjezera, ndipo mafuta akadzakhazikika amapezeka kuti apitirira muyezo. Mankhwala ake ndi kudekha. Zigubu ziikidwe padzuwa ola limodzi zili zotseka kuti mafuta afewe, jagi iliyonse ithiridwe pang'onopang'ono, ndipo pakati pa jagi ndi jagi papite mphindi zingapo.

Majagi awerengedwe polemba mzere ndi khala pa khoma. Pa thirakita ya malita 30, wothira aime pa jagi yacisanu, adikire mphindi 15, apukute kandodo, akalowetse ndi kuwerenga. Otsalawo aonjezedwe ndi theka la lita nthawi imodzi. Nchito yonse itenga ola limodzi kapena kuposa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

KUDZAZA MOPITIRIRA KUMAPHA MABULEKI

Pali ena amene amaganiza kuti mafuta oculuka ndi cikondi kwa makina. Pa mathirakita amenewa maganizo otero akhoza kutayitsa moyo. Mafuta akapitirira muyezo amayenda m'mikono ya ekiselo kupita ku mawilo a kumbuyo, makamaka polima pamalo opendekeka. Kumeneko amachingidwa ndi masilu a mphira, ndipo masilu okalamba amawalola kudutsa ndi kunyowetsa mabuleki. Buleki yonyowa ndi mafuta siigwira. Ngozi yake imaoneka pa nthawi yokolola, pamene thirakita itsika citunda ikukoka ngolo yodzaza matumba a cimanga kapena a nshawa, anthu atakhala pamwamba pake.

Kaamba ka ici, amakanika ambiri a Ferguson safikitsa mafuta pa mzere wapamwamba wa kandodo. Amamasula bauti ya pansi pa civundikiro cozungulira ca m'mbali, nachera kacitini pansi pake, ndipo mafuta akayamba kuonekera pa kabowo ka bautiyo amaleka kuthira ndi kuibwezera. Muyezo umenewo ngwokwanira kumiza pampu ndi kunyowetsa magiya. Mwini thirakita akaona mafuta akudontha m'kati mwa wilo la kumbuyo, adziwe kuti masilu ndi mabuleki afuna makanika ngolo isanamangidwe.

KUYESA NCHITO

Citsekero cikamangidwa, thirakita yonse ipukutidwe kufikira iume, kuti dontho latsopano lidzaoneke kumene licokera. Injini ilizidwe mofatsa. Pa TE20 pampu siyenda pokhapokha cogwirira ca PTO citalowetsedwa, ndipo ambiri osadziwa zimenezi amaganiza kuti pampu yafa. Mikono ikwezedwe ndi kutsitsidwa kangapo popanda katundu kuti mpweya wotsala utuluke. Kenaka itsitsidwe pansi, injini izimitsidwe, ndipo patapita mphindi 15 mafuta ayezedwenso. Akaoneka a thovu, ndiye kuti pampu ikumeza mpweya cifukwa mafuta acepa kapena kasefa katseka.

Pambuyo pake pulao imangidwe, ikwezedwe, ndipo injini izimitsidwe. Pulao ikatsika pang'onopang'ono patapita nthawi, ndi ukalamba wamba. Ikagwa m'mphindi zocepa, mphete za pisitoni kapena valavu zatha, ndipo n'kwabwino kuzisintha thirakita ikali ku Lusaka kumene zipangizo zipezeka, kusiyana ndi kukazifunira ku Chadiza kapena ku Lundazi mvula itagwa.

Munthu asalowe pansi pa pulao yolendewera, ndipo ana akhale kutali. Ngati thirakita ili ndi mapaipi a kunja otukulira ngolo, pofufuza podontha pasapite dzanja koma cidutswa ca katoni. Mphamvu ya mafuta m'mapaipi amenewo imaposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto nthawi 50 kapena kuposa, ndipo mafuta otuluka pa kabowo konga ka singano amaboola khungu. Bala lake limaoneka laling'ono, koma wolasidwayo apite ku cipatala nthawi yomweyo, cifukwa kucedwa kumadulitsa cala kapena dzanja.

Thirakita ikatsika m'lole itayenda makilomita oposa 550 a mseu wa Great East, iyezedwenso isanalowe m'munda. Kucokera pamenepo kandodo kaonedwe sabata iliyonse, ndodo za magiya zifunditsidwe pamvula, ndipo mafuta asinthidwe monga buku linenera, kapena kamodzi pa caka mvula isanagwe. Tsiku losintha lilembedwe m'kabuku kamene kakhala ndi mlembi wa gulu kapena mwini wake.

MAFUTA AKUDA APITE KUTI?

Nchito siitha pamene injini ilira bwino. Patsala mgolo wa mafuta akuda ndi nsanza zonyowa. Mbali yaikulu ya mzinda wa Lusaka inamangidwa pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo ku Kanyama, George ndi Chawama madzi a pansi ali pafupi kwambiri, kotero kuti m'dzinja amatumphukira pabwalo. Mabanja ambiri amatunga m'zitsime zosazama, ndipo gawo lalikulu la madzi a m'mipopi ya mzindawu licokera m'zitsime zakuya za pansi pomwepo. Cothiridwa pa dothi lotero sicicedwa kufika m'ndowa ya munthu. Kumpoto kwa mzinda, kumene kuli komboni ya Chipata, ngalande zimathira mu mtsinje wa Ngwerere, umene alimi amathirira nao ndiwo zamasamba usanakathire mu Chongwe.

Mafuta sasungunuka m'madzi. Amayandama ndi kufalikira, ndipo ocepa cabe amaononga madzi oculuka zedi. Lamulo la zacilengedwe la mu 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA, limaletsa kutaya zinthu zoopsa mwacisawawa, ndipo mafuta otha nchito ali m'gulu limeneli. Asathiridwe m'ngalande, m'cimbudzi, m'dzenje la zinyalala kapena pa mseu pofuna kupha fumbi. Abwezeredwe m'zigubu zomwe munali atsopano, zitsekedwe, zilembedwe, ndipo ziperekedwe kwa amene ali ndi cilolezo cosonkhanitsa mafuta otero. Akataika pa simenti, pathiridwe utuci kapena mcenga, ndipo zosesazo ziikidwe m'citini, osati kukokolola ndi madzi.

Cenjezo lomweli lifika ndi kumudzi, kumene dimba ndi citsime zili m'dambo limodzi. Ena amapaka mafuta akuda pa zilonda za ng'ombe kapena pofuna kupha nkhupakupa, koma mafutawo ali ndi ululu umene umalowa pa khungu, ndipo ng'ombe imadzinyambita. Mankhwala a ziweto afunsidwe kwa alangizi a ziweto. Mafuta otsala asasungidwe m'botolo la zakumwa pamene mwana angafike.

MVULA SIDIKIRA MAKANIKA

Alimi onse adziwa kuti cimanga cobzalidwa ndi mvula yoyamba cimaposa cobzalidwa mocedwa, ndipo masiku abwino olima ndi owerengeka. Thirakita imodzi m'mudzi imalimira mabanja ambiri, ena a iwo atalipiriratu. Pampu ikafa m'sabata yaciwiri ya mvula, wotaya si mwini wake yekha. Kutumiza uthenga ku Lusaka, kupeza cipangizo, kucikweza pa basi ndi kupeza wocimanga kukhoza kudya masabata awiri, ndipo udzu sudikira.

Magulu a alimi amene agula kapena kukonzetsa thirakita yakale acita bwino kutuma mmodzi wao kuti akhalepo pa tsiku lothira mafuta, aone zigubu zikutsegulidwa, awerenge majagi, ndi kuphunzira ndi maso ake, popeza nchito yomweyo idzamuyembekeza kumudzi caka camawa. Ofuna kudziwa zambiri afunse alangizi a zaulimi a m'dera lao, ndipo acinyamata okonda makina adziwe kuti sukulu ya NRDC ku Lusaka imaphunzitsa za makina a ulimi.

Makina amene Harry Ferguson anayambitsa akhala ndi moyo zaka 50, ena 70, cifukwa anapangidwa mosavuta kuti mlimi wokhala ndi masipanala ocepa awasamalire. Cimene amapempha ndi mafuta oyenera, oyera, ofika pa muyezo. Fanelo yotsuka, jagi ya malita 5, mgolo wodula pakati ndi ola limodzi la kudekha n'zochipa kuposa pampu yatsopano, ndipo n'zochipa kwambiri kuposa munda wosalimidwa kapena citsime coonongeka. Madzi akataika saoleka, ndipo mafuta n'cimodzimodzi.